Lipoti la ntchito: loboti yomenyana ya makilogalamu 1.36 yomwe inkazima ikangomenya

Lipotili likufotokoza za loboti imodzi yomwe ophunzira anga a zamakina ndi zamagetsi anapanga pokonzekera mpikisano wa maloboti omenyana oyendetsedwa ndi rimoti. Gawo lalikulu ndalipereka ku vuto limodzi lomwe linatidyera nthawi kuposa china chilichonse, chifukwa ndi lomwe limagwetsa magulu ambiri ongoyamba kumene. Loboti imayenda bwinobwino patebulo, koma ikangolowa m'bwalo n'kumenya kamodzi, imazima.

Mpikisano ndi malamulo ake

Masewerowa ndi akale ndithu. Marc Thorpe anayambitsa mpikisano wa Robot Wars ku San Francisco mu 1994, ndipo BBC inayamba kuonetsa mpikisano wa dzina lomwelo mu 1998. Ophunzira a masiku ano amawadziwira kwambiri pa mpikisano wa pa TV wa BattleBots, komwe loboti imalemera mpaka mapaundi 250, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 113. Kuipa kwake n'kwakuti wophunzira akaonera zimphona zimenezo zikuthothola zitsulo, amabwera ndi chida m'mutu. Za mawaya saganizako.

Ife tinalowa gulu la beetleweight, lomwe pampikisano wathu malire ake anali mapaundi 3, kapena magalamu 1,360. Mipikisano ina imalola magalamu 1,500 m'gulu lomweli, choncho ndi bwino kuwerenga malamulo musanadule chilichonse. Nkhondo imodzi imatenga mphindi 3. Loboti ikasiya kuyenda amaiwerengera masekondi 10, ndipo ikapanda kusuntha yagonja. Onse awiri akafika kumapeto akuyenda, oweruza amaona yemwe wawononga mnzake kwambiri, yemwe amalondola nkhondo ndi yemwe amawongolera bwino. Pali zinthu zitatu zomwe oona zachitetezo sanyengerera: loboti iime yokha rimoti ikazimitsidwa, pakhale njira yodulira magetsi onse kuchokera kunja kwa loboti, ndiponso chida chikhale ndi chotsekera chomwe chimachigwira nthawi zonse pamene loboti ili kunja kwa bwalo.

Zomwe anapanga

Ophunzira anasankha chitsulo chozungulira chogona, chotalika mamilimita 140, cholemera magalamu 250, chodulidwa ku chitsulo cholimba cha AR500. Chimazunguliridwa ndi mota ya mtundu wa brushless ya 1100 KV (kutanthauza kuzungulira ka 1,100 pa mphindi pa volti iliyonse) kudzera pa lamba. Matayala ndi awiri, lililonse ndi mota yakeyake ya magiya. Batire ndi la LiPo la maselo atatu, lomwe limalembedwa kuti mavolti 11.1 ndipo likadzaza limafika 12.6. Rimoti ndi ya 2.4 GHz.

Tisanagule kanthu ndinawauza agawe kulemera papepala. Chida chinatenga magalamu 250, mota yake ndi pomangira 150, mamota oyendetsa ndi matayala 260, batire 60, ma ESC (zowongolera liwiro la mamota) ndi risiva (yolandira malamulo a rimoti) 60, thupi ndi zotchinga 480, mabawuti ndi mawaya 70. Zonse pamodzi ndi 1,330, ndipo magalamu 30 otsalawo tinawasiya dala chifukwa masikelo awiri sagwirizana kawirikawiri, ndipo sikelo yomwe imawerengedwa ndi ya okonza mpikisano. Mabawuti ndi mawaya ndi omwe ophunzira amaiwala nthawi zonse. Amaoneka opepuka m'manja, koma mukawaunjika pasikelo mumadabwa.

Thupi loyamba analisindikiza pa makina a 3D ndi pulasitiki ya PLA, ndipo linang'aluka pakona tsiku lomwe chida chinakhudza thabwa. PLA imasindikizika mosavuta koma siipindika, imangothyoka. Tinasinthira ku UHMW m'mbali, pulasitiki yomwe imafwamphuka m'malo mosweka, ndipo zotchingira matayala tinazisindikiza ndi TPU, pulasitiki yofewa ngati labala. Zimenezi sizinativute.

Vuto

M'bokosi loyesera, chida chikamazungulira popanda chomenya, zonse zinkayenda. Tikangoikamo chipika choti chimenye, pankachitika zachilendo. Nthawi zina loboti yonse inkafa kwa sekondi imodzi kapena awiri, kenako matayala n'kuyambanso kumvera koma chida osadzukanso. Nthawi zina matayala ankayendabe, chida chokha n'kufooka kapena kusiya. Batire likakhala lodzaza kumene vutoli linkachepa, likagwirako ntchito mphindi imodzi n'kuchuluka.

Ophunzira anaweruza msanga kuti rimoti ndi yachabechabe, kapena kuti pali china chomwe chikusokoneza mafunde. Sindinawatsutse pakamwa. Ndinangowafunsa kuti ngati ndi mafunde, bwanji amasokonezeka pa nthawi yeniyeni yomwe chitsulo chagunda, osati chikamazungulira chabe. Panalibe yankho, ndiye tinagwirizana zosiya kugula rimoti ina mpaka titapeza umboni.

Chomwe chimavuta pa vuto lotere n'chakuti pogunda pamachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Loboti yonse imagwedezeka mwamphamvu, komanso chida chimatsala pang'ono kuima, ndiye mota imakoka magetsi ambiri zedi pofuna kuchibwezera paliwiro. Kugwedezeka ndi kukoka magetsi zimabwera limodzi, choncho simungadziwe cholakwa ndi chiti pokhapokha mutazilekanitsa.

Kuyesa kugwedezeka pakokha

Tinachotsa lamba ndi chida, tinakweza loboti pachipika kuti matayala asakhudze pansi, tinayatsa zonse, kenako wophunzira mmodzi n'kumenya thupi ndi nyundo yarabala kumbali zosiyanasiyana. Wina ankajambula ndi foni kanema woyenda pang'onopang'ono, ataloza pa kagetsi kosonyeza kuti loboti yayaka ndi kagetsi ka pa risiva. Apa mota ya chida sinkakoka magetsi alionse, ndiye chilichonse chomwe chikanachitika chikanachokera ku kugwedezeka basi.

Pomenya pamwamba sipanachitike kanthu. Pomenya kumbali ya kumanzere, magetsi onse awiri anaphethira. Ndi maso sizinkaoneka, koma pakanema zinaoneka bwino: kagetsi kamphamvu kanazima kwa kanthawi kochepetsetsa n'kuyakanso, pomwe ka risiva kanakhala kakuthwanima kwa nthawi yotalikirapo kasanakhazikike.

Apa nkhani yonse inamveka. Risiva ndi kakompyuta kakang'ono. Magetsi akaduka, ngakhale kwa kamphindi komwe munthu sangakaone, imayambiranso pachiyambi ndipo imayenera kufunafunanso rimoti yake. Pa nthawi yonseyo ma ESC salandira lamulo lililonse, ndiye amaimitsa mamota monga momwe malamulo achitetezo amafunira. N'chifukwa chake kuduka kwa kanthawi kochepa kunkabala sekondi yathunthu ya loboti yakufa. Nanga chida chinkakaniranji kudzuka? ESC ya mota ya brushless ikayaka kumene siivomera kuzungulitsa mota mpaka itaona kaye kuti chowongolera chili pa ziro. Anaipanga choncho dala, kuti mota isadumphe m'manja mwa munthu polumikiza batire. Woyendetsa wathu ankakhala atasiya batani la chida lili loyatsa, ndiye ESC inkangodikira ziro yemwe sankabwera. Palibe chomwe chinali chitapsa.

Chodula magetsicho tinachipeza potsata waya kuchokera ku batire. Olakwa anali awiri. Woyamba ndi swichi. Ophunzira anaika swichi yotsetsereka yomwe mkati mwake muli tizitsulo togwirana ndi kasipuling'i. Pa wailesi ya m'nyumba imagwira ntchito zaka zambiri, koma ikagwedezeka mwamphamvu tizitsuloto timalekana n'kubwererana. Wachiwiri ndi batire lenilenilo. Linali m'chipinda chake koma losamangidwa, ndipo pogunda linkasuntha pang'ono n'kukoka pulagi yake.

Tinachotsa swichiyo n'kuika ya bawuti, yomwe mumaimanga ndi kiyi ya allen mpaka zitsulo ziwiri zitapanikizana. Imachedwetsa poyatsa, koma singatseguke ndi kugwedezeka. Njira ina yomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi pulagi ya XT30 yowotchereredwa waya wachidule, yomwe mumaizula kuti mudule magetsi, ndipo nayonso ndi yabwino ikakhala yothina. Batire tinalikuta ndi siponji yolimba mbali zonse n'kulimanga, ndipo waya aliyense tinamusiyira kautali pang'ono kenako n'kumugwiritsa ku thupi pafupi ndi powotcherera, kuti chokoka chikoke pomangapo osati pamfundo. Pomaliza tinaika capacitor ya 1000 µF pa mawaya a mavolti 5 opita ku risiva. Imasunga magetsi okwanira kuolotsa risiva pakaduka pang'ono. Ndinawachenjeza ophunzira kuti capacitor ndi yothandizira chabe. Mukaiika musanakonze swichi, mwangobisa matenda.

Titabwereza kumenya ndi nyundo mbali zonse, magetsi sanaphethirenso.

Kuyesa kukoka kwa magetsi pakokha

Vuto lachiwiri, la chida chofooka matayala akuyendabe, linatsala. Tinabwezera chida, tinatsekera loboti m'bokosi, tinatulutsa mawaya awiri a mita yoyezera magetsi kunja, n'kuyamba kuzungulitsa chida kuchokera poima popanda chomenya. Nthawi iliyonse woyendetsa akakankha batani, mavolti ankagwa kwambiri kenako n'kukweranso chida chikafika paliwiro.

Masamu ake ndi achidule. Batire lililonse lili ndi kukaniza kwake mkati, ndipo kumakula batire likamakalamba. Mawaya owonda ndi mapulagi amawonjezerapo. Tinene kuti zonse pamodzi zafika ma ohm 0.1. Mota ikakoka ma ampere 30 poyamba kuzungulira, mavolti 3 amathera m'njira. Batire lodzaza la 12.6 limatsika kufika 9.6, ndipo palibe chovuta. Koma pakati pa nkhondo, pamene batire lili cha pa 11.4, limatsika kufika 8.4. Ma ESC ambiri amabwera atakonzedwa kuti adule mphamvu selo lililonse likafika cha pa mavolti 3, kutanthauza 9 pa maselo atatu, pofuna kuteteza batire. ESC yathu inkaona 8.4 n'kuganiza kuti batire latha, pomwe linali likadali ndi moto wambiri. N'chifukwa chake vutoli linkadikira mphindi imodzi lisanaoneke.

Batire lomwe ophunzira ankagwiritsa ntchito linali lakale, lochokera ku ntchito ina, ndipo mawaya ake aakulu anali owonda komanso aatali mopanda chifukwa. Tinaika batire latsopano la 650 mAh (muyeso wa moto womwe batire limasunga), mawaya onenepa a 16 AWG aafupi, ndipo pa rimoti tinakonza kuti lamulo la chida lizikwera pang'onopang'ono m'malo modumpha kuchoka pa ziro kufika pamapeto. Lamba tinamumasula pang'ono kuti pogunda aziterereka. Lamba woterera amateteza mota ku kugwedezeka komanso amachepetsa magetsi omwe imakoka chida chikaima mwadzidzidzi.

Pa kukula kwa batire tinawerengera motere: loboti ikamakoka ma ampere 8 mongoyerekeza kwa mphindi 3, imadya 400 mAh. Batire la 650 mAh limasiya malo okwanira.

Panali mkangano pa chodulira cha ESC chija. Omanga maloboti ambiri amachizimitsiratu, ponena kuti ndi bwino kuwononga batire kusiyana ndi kugonja chida chili chiimire. Maganizo amenewo ndimawamvetsa, koma kwa ophunzira sindigwirizana nawo. Batire la LiPo lomwe latsitsidwa kupyola malire limatupa, ndipo lotupa likabwerera pa chaja ndi pomwe moto umayambira. Tinasankha kuti ESC izichepetsa mphamvu m'malo moduliratu, ndipo nkhondo iliyonse ikatha wophunzira mmodzi ankayeza selo lililonse n'kulemba m'kope.

Mkangano wa liwiro la chida

Mavuto a magetsi atatha, ophunzira anafuna kuchotsa kuchepetsa liwiro komwe kunali pa lamba. Mota ya 1100 KV pa mavolti 11.1 imazungulira kopitirira pang'ono ka 12,000 pa mphindi ikakhala yopanda katundu. Ndi mapule (timawilo tomwe lamba amadutsapo) a 1.5 kwa 1, chida chinkazungulira pafupifupi ka 8,000. Iwo ankafuna 12,000 yonse.

Ndinawapatsa choko kuti awerengere okha. Chitsulo cha magalamu 250 ndi mamilimita 140, chozungulira pakati pake ka 8,000 pa mphindi, chimasunga ma joule pafupifupi 143, ndipo nsonga yake imathamanga mamita pafupifupi 59 pa sekondi, kupitirira makilomita 200 pa ola. Mphamvu imeneyi ikufanana ndi ya chinthu cha kilogalamu imodzi chogwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 15. Liwiro likakwera kufika 12,000, mphamvu imachuluka ka 2.25 chifukwa imatsata liwiro lochulukitsidwa ndi lokha, ndiye imadutsa ma joule 320. Ataona nambala imeneyi anasangalala, poganiza kuti masamu awaikira kumbuyo.

Kenako tinawerengera mbali yomwe sankaiganizira. Chida chimapweteka pokhapokha nsonga yake ikaluma mdani mozama. Chitsulo chili ndi nsonga ziwiri, ndiye pa 8,000 nsonga imadutsa kutsogolo pakatha mamilisekondi 3.75 alionse. Maloboti akamayandikirana pa liwiro la mamita 2 pa sekondi, mdani amalowa mamilimita 7.5 nsonga yotsatira isanafike. Pa 12,000 nthawiyo imatsika kufika 2.5, ndipo kulumako kumakhala mamilimita 5 okha. Woyendetsa akamayandikira mwamantha pa mita imodzi pa sekondi, kulumako kumagawika pakati. Chida chothamanga kwambiri chimangopala mdani n'kutulutsa nthethe zamoto, owonerera n'kukuwa, koma mphamvu yosungidwa ija osalowa. Onjezerani kuti chimachedwa kufika paliwiro, chimakoka magetsi ambiri omwe tinali titangolimbana nawo, ndiponso kuti pa chida chogona mphamvu yomwe mwamenyera mnzanu imakankhanso loboti yanu chammbali, popanda nthaka yoti iilandire. Tinasiya mapule momwe analili.

Chitetezo ndi kuyendetsa

Lamulo la m'chipinda chathu linali lakuti chida sichizungulira kunja kwa bokosi, ngakhale kwa sekondi imodzi. Zenera la bokosilo ndi la polycarbonate, pulasitiki yoonekera yolimba. Acrylic imaoneka chimodzimodzi koma imasweka ngati galasi, choncho musalole wina akugulitseni m'malo mwake. Poyatsa, rimoti imayamba, kenako loboti, ndipo chotsekera chida chimachoka pomaliza. Pozimitsa, chotsekera chimabwerera poyamba ndipo rimoti imazima pomaliza. Mabatire ankachajidwa m'thumba losagwira moto pali munthu woyang'anira, ndipo osagwiritsidwa ntchito ankasungidwa pa mavolti 3.8 selo lililonse. Mabawuti olowa m'chitsulo tinawapaka mankhwala omata ulusi, koma osati pafupi ndi polycarbonate, chifukwa mankhwalawo amaing'alula. Maginito a m'mota ya chida tinawalimbitsa ndi guluu wa epoxy kuti asasunthe pogunda.

Kuyendetsa ndi komwe magulu ambiri amakusiyira usiku womaliza. Ife tinaika tsiku loleka kusintha kapangidwe, ndipo kuyambira pamenepo woyendetsa ankayeserera tsiku lililonse chida chitachotsedwa n'kuikapo cholemera chofanana nacho. Ankathamangitsa kagalimoto ka rimoti koyendetsedwa ndi mnzake, ankayendetsa loboti ikubwera kwa iye pomwe kumanja kumasanduka kumanzere, komanso itagadabuzika. Pa rimoti tinachepetsa mphamvu yokhotera, chifukwa loboti ya matayala awiri imazungulira msanga kuposa momwe chala chingathere kuigwira. Anazoloweranso kuti chida chikangokhala chete, azibweza batani pa ziro n'kuyatsanso, osadikira kuganiza.

Pampikisano

Loboti inadutsa pasikelo ndi pa oona zachitetezo popanda chobweza. Atazimitsa rimoti chida chikuzungulira, mota inasiya kukoka nthawi yomweyo. Pa nkhondo zonse zomwe inamenya siinazimepo. Yoyamba tinapambana pamene chida chinazula tayala la mdani, yemwe anangoyamba kuzungulira pamalo amodzi mpaka kuwerengeredwa. Ina tinapambana mosavuta n'komwe: loboti ya anzathu inali yokongola ndi yamphamvu kuposa yathu, koma itangogunda kamodzi inaima, kagetsi kake kakuthwanima. Ophunzira anga anayang'anana, ndipo nkhondo itatha anapita kukawaonetsa swichi yathu.

Yomwe inatichotsa inali loboti yopanda chida chozungulira, ya matayala anayi, yongokhala ndi chitsulo chopendekera kutsogolo chokhudza pansi. Kwa chida chogona, ameneyu ndiye mdani woipitsitsa. Nsonga imasowa pogwira, imatsetsereka kukwera m'mwamba, ndipo loboti yanu ndi yomwe imauluka. Pa kugunda kwina loboti yathu inatera chammbali, lamba n'kuvuka pa pule. Nthawi yotsalayo inakhala ya kukankhana, ndipo matayala awiri sangalimbane ndi anayi. Tinafika kumapeto tikuyenda, koma oweruza anapereka chipambano kwa anzathuwo, ndipo anaweruza bwino.

Zomwe tinapeza titamasula

Mawaya onse, swichi ndi batire zinali bwinobwino, ndipo palibe selo lomwe linatsika kufika pa malire. Mbale za UHMW zinali ndi mabala akuya koma palibe yomwe inabooka. Shafiti ya chida inali itapindika pang'ono, moti tikaigubuduza pagalasi inkadumpha, ndipo bering'i yam'munsi inkalira. Kupindika kumeneku n'komwe kunapendeketsa pule mpaka lamba kuvuka. Kumasula lamba kuja, komwe kunapulumutsa mota ndi batire, kunathandiziranso kuti avuke mosavuta, chifukwa pule ya pa chida inalibe milomo yomutchinga.

Pa loboti yotsatira tagwirizana zinthu zitatu: shafiti yonenepa yogwiridwa kumwamba ndi kumunsi, mapule a milomo mbali zonse, ndi chitsulo chopendekera chathuchathu chomwe tingamange m'malo mwa chida tikakumana ndi mdani wa mtundu uja, ngati malamulo a mpikisanowo alola kusintha pakati pa nkhondo. Shafiti ndi mapulewo tawerengera kuti ziwonjezera magalamu pafupifupi 45, pomwe otsala ndi 30 okha ndipo sitikufuna kuwadya. Ophunzira ena akufuna kupeputsa mbale yakumbuyo, yomwe sinakhudzidwe n'komwe. Woyendetsa akukana, akuti sinakhudzidwe chifukwa iye sanapatseko mdani msana, ndipo sangalonjeze kuti zidzakhala choncho nthawi zonse. Ena akuti tifupikitse chida ndi mamilimita 10, zomwe zichotsa magalamu pafupifupi 18 koma zitsitsa mphamvu yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndawauza kuti gulu lililonse libweretse masamu ake papepala tisanadule chilichonse.